MWANA WOVUTIKA MUMTIMA: KODI MKRISTU ANGALOLE HYPNOSIS?

Inu aphunzitsi a katekisimu, phunziro la lero labadwa pa funso limene mphunzitsi wina wa kudera la Msundwe anandifunsa titatsiriza Misa. Anati pamudzi pawo pali mnyamata wa zaka 12 amene amadzidzimuka usiku, kufuula ndi kukodza pamphasa. Masana amangoti duu, ndipo akamva galimoto ikubwera amathawira kudimba. Malume ake okhala ku Joni anatumiza mawu akuti kumeneko kuli madokotala othandiza ana otere ndi njira yotchedwa hypnosis. Tsono mphunzitsiyo anati: "Bambo, kodi zimenezi si matsenga?"

Tisanayankhe, tikumbukire kumene mantha a ana ena kuno anachokera. Pa 8 Okutobala 2019 wapolisi anaphedwa pa Msundwe, ndipo apolisi anzake analowa m'midzi ya Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu. Bungwe la boma loona za ufulu wa anthu linapeza kuti amayi ndi atsikana anagwiriridwa, ndipo mu Ogasiti 2020 Khoti Lalikulu linalamula kuti amayi ndi atsikana 18 apatsidwe chipepeso. Koma mwana amene anaona zonsezo ali kuseri kwa nkhokwe, dzina lake silili m'mabuku a khoti. Ana ena mantha awo anayamba pa maliro a mayi, kapena pa ndewu ya makolo ya usiku ndi usiku.

Nanga hypnosis n'chiyani? Liwuli lichokera ku Chigriki, hypnos, ndiko kuti tulo, ndipo analitchukitsa ndi James Braid, dokotala wa ku Manchester, m'buku lake la 1843. Dzinali limasokeretsa, pakuti munthu sagona ayi. Dokotala amakhazika mwana pabwino, namuuza kuti apume pang'onopang'ono, nalunjikitsa maganizo ake pa chinthu chimodzi chimene amakonda, mwina mthunzi wa mango kwa agogo ake. Mtima ukakhazikika chotero, mawu olimbikitsa amalowa mozama koposa masiku onse. Mwanayo amamva zonse, angathe kukana, angathenso kuimirira ndi kutuluka. Amene anaonapo ana atazinga moto madzulo, agogo akusimba nthano, pakamwa yasa, osamva ngakhale udzudzu ukuwaluma, waona kale chiyambi chake. N'chifukwa chake ana, makamaka a zaka 8 mpaka 12, amalowamo msanga koposa ife akulu.

Kale Azungu nawonso ankaganiza ngati mphunzitsi wathuyu. Franz Mesmer ankanena kuti pali mphamvu yosaoneka yotuluka mwa wochiritsa, koma akatswiri amene mfumu ya France inawatuma kukafufuza mu 1784 sanaipeze mphamvuyo. Ndipo amene anafotokoza bwino anali wansembe, Bambo José Custódio de Faria wa ku Goa m'dziko la India. M'buku lake la 1819 anaonetsa kuti zonse zimachitika m'maganizo a wothandizidwayo, palibe mzimu kapena mankhwala obisika. Pa 24 Febuluwale 1957 Papa Pio XII, polankhula kwa madokotala, anavomereza hypnosis pa ntchito ya chipatala, nachenjeza kuti anthu wamba, ngakhale ansembe amene, asaitenge ngati masewera ongoyeserera. Yankho lathu ndi limenelo: si matsenga, si tchimo, ikakhala m'manja mwa dokotala wophunzira ndipo makolo avomera.

Kodi imathandiza? Pa zina, inde. Ku Netherlands mu 2007 madokotala anayesa ana 53 odwala m'mimba kwa nthawi yaitali popanda nthenda yooneka. Patapita chaka, mwa amene anathandizidwa ndi hypnosis, 85 pa 100 alionse anali atachira. Mwa enawo, 25 okha. Koma kwa mwana amene anaona zoopsa, njira yotsimikizika koposa ndi ina, ndipo anaiyesa pafupi pompa, ku Lusaka. Ana 257 a zaka 5 mpaka 18 anagawidwa pawiri. Ena ankakumana ndi alangizi, anthu wamba ophunzitsidwa bwino, amene ankawazoloweza kutontholetsa thupi ndi kusimba pang'onopang'ono zimene zinawaonekera. Zotsatira zinalembedwa mu 2015: zizindikiro za mantha zinatsika pafupifupi ndi magawo 82 pa 100, pamene kwa anzawo zinatsika ndi magawo 21.

Tsopano mvetsetsani, pakuti apa ndi pamene phunziroli likukhudza ife eni. Khomo limene mawu abwino amalowera, mawu oipa amalowera lomwelo. Mu 1985 bungwe la madokotala a ku America linachenjeza kuti zimene munthu amati wakumbukira ali mu hypnosis sizodalirika: angathe kusimba zimene sizinachitike, nazikhulupirira ndi mtima wonse, nalumbira. Wofunsa akafunsa funso lokhala ndi yankho kale m'kati mwake, mwana amalandira yankholo ngati lake.

Kodi izi sitikuzidziwa kwathu kuno? Mwana wodzidzimuka usiku amatengedwa kupita ku mapemphero a usiku wonse. Watopa, ali ndi njala ndi tulo, akulu am'zinga, nyimbo ikubwerezabwereza. Wina nam'gwira pamutu, nati: "Ulula! Ndani amakutenga usiku pa lichero? Si agogo ako?" Kamodzi akana, kawiri akana, pofika m'bandakucha wavomera, ndipo wayamba kuonjezera zake. Anthu nati: "Mwamva nokha, mwana sanama." Ndithudi mwanayo sakunama mwadala; nkhaniyo am'bzala m'mutu. Palibe amene anatchula liwu la hypnosis pamenepo, koma mphamvu yagwirapo ndi yomweyo, yopanda dokotala, yopanda chifundo. Mawa lake nkhalamba ikugendedwa, ndipo mwana uja, amene anali ndi katundu mmodzi, wasenza awiri: mantha ake akale, ndi maganizo akuti iye ndi mfiti. Lamulo la dziko la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, ndipo lamulo lachisanu ndi chitatu la Mulungu linaletsa kale. Ndinena mosabisa: mphunzitsi wa katekisimu wopezeka pa bwalo lotere ayenera kuliletsa, ngakhale anthu am'da.

Nanga inu muchitenji? Musam'fufuze mwana ngati wamilandu. Khalani naye pamalo poonekera, pamodzi ndi wachibale amene iye amam'khulupirira, ndipo ngati afuna kusimba, funsani chabe kuti, "Kenaka chinachitika n'chiyani?" Akakhala chete, m'siyeni, mawa lilipo. Uzani makolo kuti kukodza pamphasa si mwano, ndipo ndodo imangoonjezera. Mungathe kum'phunzitsa kupuma modekha asanagone, ndi kupemphera naye pemphero lalifupi lomwelo usiku uliwonse ndi mawu otsika. Kupitirira apo ndi ntchito ya ena.

Mphunzitsi uja ndinamuuza kuti ayambe ndi kuchipatala cha St Gabriel ku Namitete, akam'pime mnyamatayo ngati alibe likodzo kapena khunyu, pakuti nthenda za thupi nthawi zina zimaoneka ngati za mumtima. Akapanda kupeza kanthu, a St John of God ku Lilongwe ali ndi alangizi a matenda a maganizo. Mwana akaulula yekha kuti wina anam'chita chipongwe, musakambe za kulipana mbuzi pamudzi: pitani naye ku One Stop Centre pa chipatala cha Kamuzu Central, kapena imbani nambala ya 116, imene ndi yaulere.