Chisoni sichimwetsa mwana phala

Ana anga, inu amene mwangolemba kumene mayeso a Fomu 4 ndipo mukuti mtima wanu uli pa ntchito yothandiza anthu aulumali, tasenderani kuno ndikuuzeni za tsiku limene ndinatsala pang'ono kupha mwana wa eni ndi supuni.

Nthawi imeneyo n'kuti ndisanapondeko m'kalasi la ntchitoyi. Ndinkangotsatira amayi a kutchalitchi kwathu pokazonda odwala Lachinayi. Pakhomo pena tinapeza mnyamata wa zaka 6 ali gone pamkeka, khosi losalimba chibadwire, manja ofumbata, miyendo yopingasana. Mayi ake anali atasiya mbale ya phala pambali n'kuthamangira kumoto kumene ndiwo zinkapserera. Ine chisoni chinandigwira. Ndinamunyamula mwanayo, kumugoneka chagada pamiyendo panga mutu utagwera kumbuyo, phala lija n'kulisungunula ndi madzi kuti lisavute kumeza, n'kuyamba kumuthira m'kamwa monga timachitira ndi khanda. Pa supuni yachitatu mwana anatsamwa. Maso tuzu, milomo n'kuyamba kuda. Mayi ake anatulukira chothamanga, kunditsomphola mwanayo, kumuweramitsa, kumumenya pamsana mpaka phala linatulukira m'mphuno. Sanandikalipire. Anangoti, "Amayi, uyu sadya chogona."

Kenaka anamukhazika tsonga pakona ya khonde, kumutchinga ndi zitenje uku ndi uku, chibwano chitatsika pang'ono. Anatenga phala lina lolimbirapo, kumamupatsa la pansonga pa supuni, kudikira ameze, n'kumupatsanso. Mbale imodzi inatha mwina mphindi 40, ife tili duu.

Patapita zaka, mphunzitsi wathu anajambula pabolodi njira ziwiri za pakhosi, ya chakudya ndi ya mpweya. Anatiuza kuti mwana wovulala ubongo akamadyetsedwa mutu uli chagada, chakudya chimalowerera kumapapo, makamaka chikakhala chamadzimadzi, ndipo chibayo chimene chimatenga ana ambiri otere chimayambira pamenepo. Anzanga ankalemba m'makope. Ine ndinkangoona milomo ya mwana uja.

Mtima wabwino aliyense amabwera nawo tsiku loyamba, ndipo sindikuunyoza. Koma ntchitoyi ndi luso la manja ngati ukalipentala, ndipo kalipentala wosaphunzira amawononga matabwa, pamene inu mudzawononga munthu. Choncho pitani kusukulu.

Anthu ofunika thandizo lanu ndiye alipo. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 aliwonse a zaka 5 kupita m'tsogolo, oposa 10 ali ndi ulumali wina wake, ndipo anthu achialubino okha anawerengedwa 134,636. Onjezanipo ana amene malungo aubongo amawasiya osayenda kapena osalankhula, amene anabanika pobadwa, akuluakulu ogwidwa ndi sitiroko, ndiponso anyamata amene akuthyoka misana pa njinga zamoto za kabaza. Amene akusowa ndi anthu odziwa chochita nawo.

Makomo olowera ndi angapo, ndipo musalowe chifukwa mnzanu walowa. Amene manja ake akufuna kugwira thupi la munthu afunse za Kachere ku Blantyre, pafupi ndi chipatala cha Queens, malo a bungwe la MAP. Bungweli linayamba ndi nkhondo ya poliyo, n'chifukwa chake akuluakulu amalitchabe Malawi Against Polio, ndipo kumeneko kwakhala kukusulidwa anthu a mafizo amene mumawaona m'zipatala za m'maboma. Digiri ya mafizo inayamba mu 2010 ku College of Medicine, imene lero ili m'yunivesite ya KUHeS, koma kumeneko popanda magiredi abwino a sayansi musadzivute. Amene akufuna kuphunzitsa ana osaona, osamva kapena ovutika kugwira maphunziro, njira yake imadutsa ku Montfort, ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, ndipo kumeneko amafuna munthu amene ndi mphunzitsi kale, ndiye yambani mwalowa ku TTC. M'boma lomwelo muli Magomero, kumene amaphunzitsa alangizi a zachitukuko ndi a zachisamaliro cha anthu.

Pali khomo lina limene achinyamata mumalinyoza, ndipo ine ndi limene ndimalikonda. Ndikunena ntchito za manja, za m'masukulu a pansi pa TEVETA. Ndaona njinga za olumala zambirimbiri zobwera ngati mphatso kuchokera kunja, zonyezimira, zopangidwira simenti ya m'chipatala. Ikayenda miyezi itatu m'misewu yathu ya maenje, kagudumu ka kutsogolo kathyoka, njinga yasanduka poyanika matewera, mwini wake wabwerera pamkeka. M'dera limene ndinkagwira ntchito, munthu amene anayendetsa anthu ambiri kuposa ine anali wowotcherera zitsulo wa pamsika. Anali ataphunzira kuyeza m'lifupi mwa chiuno cha munthu ndi kutalika kwa ntchafu asanadule chitsulo, ankadziwa kuti njinga yopanda khushoni ndi fakitale ya zilonda, ndipo mateyala ankaika a njinga yakapalasa kuti akaphulika aliyense amate. Kalipentala wodziwa kukhoma mpando wa pakona, woti mwana ngati uja akhale tsonga, kapena chimango choimiritsira mwana kuti mafupa alimbe, sasowa womufuna. Mipando ina timapanga ndi makatoni omata ndi phala la ufa, ndipo ikauma imanyamula mwana bwinobwino. Bungwe la MACOHA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1971 ndipo lamulo la 2024 linalisintha kukhala MACODA, lakhala likuphunzitsa anthu aulumali ntchito za manja ku Magomero ndi ku Lilongwe. Telala kapena kalipentala wodziwa kuphunzitsa munthu wa dzanja limodzi, kapena wosamva, ali ndi chinthu chimene anzake a pamsika alibe.

Nanunso amene muli ndi ulumali, musaganize kuti ndikulankhula za inu kwa anthu ena. Ntchitoyi ndi yanunso. Zilembo za Braille, timadontho 6 tija, ndinaziphunzira kwa mphunzitsi wosaona, ndipo chinenero chamanja munthu amachiphunzira kwa eni ake, osamva, monga a bungwe la MANAD. Cha m'buku chokha mudzangofanana ndi mzungu wolankhula Chichewa cha mudikishonale.

Chenjerani ndi masukulu amene amera ngati bowa m'matauni, chipinda chimodzi pamwamba pa sitolo, kosi ya masabata awiri, satifiketi ya maluwa m'mbali. Musanapereke fizi funsani ngati sukuluyo ndi yovomerezeka ndi TEVETA kapena NCHE, ndipo ikakhala ya zachipatala, ngati a Medical Council of Malawi adzakulembeni m'kaundula mukamaliza. Funsaninso kuti pulakatiko mukachitira kuti, kwa miyezi ingati, woyang'anira wake ndani. Akayamba kukanda m'mutu, nyamulani chikwama chanu. Ambiri mwa masukulu amenewa amakopa anthu ndi dzina la UK. N'zoona kuti mu 2022 Britain inatsegula khomo kwa osamalira okalamba ndi aulumali ochokera kunja, ndipo ena mwa abale athu anapita. Koma mu Marichi 2024 analetsa kutenga mabanja, ndipo mu Julaye 2025 anasiya kulandira atsopano ochokera kunja pa ntchito imeneyi. Wina akamakuuzani lero kuti mugulitse munda wa makolo kuti akupezereni pepala la ntchito ya "care", ameneyo ndi mbava yovala tayi.

Tsono zimene sukulu idzakuphunzitseni n'zambiri, koma pali chimodzi chimene ambiri timachigwira mochedwa, ndicho kufunsa. Tsiku lina, nditamaliza kale maphunziro, satifiketi ili m'chikwama, ndinaona bambo wosaona ataima m'mbali mwa msewu. Ndinathamanga, kugwira ndodo yawo yoyera, n'kuyamba kuwakoka. Anaima nji. "Mayi," anatero, "mukandigwira ndodo ndiye kuti mwanditseka maso. Komanso wakuuzani ndani kuti ndikuwoloka? Ine ndikudikira minibasi." Anthu anaseka, ine manyazi kuti psuu. Munthu wosaona mumayamba mwamupatsa moni, kudzitchula dzina, n'kufunsa ngati akufuna thandizo. Akavomera, ndi iye amene amagwira chigongono chanu, inu n'kumayenda patsogolo pang'ono, kumatchula ngalande kapena masitepe musanafike. Njinga ya munthu simuikankha asanakuuzeni, monga simunganyamule munthu wamkulu pamsika chifukwa mwaona kuti akuyenda pang'onopang'ono. Ndipo lekani khalidwe lija lofunsa woperekeza kuti "Kodi awa adya?" mwini wake ali pomwepo, makutu ali nawo. Mawu ngati "chopunduka", "chitsiru" ndi "napwere" muwasiye pachipata. Munthuyo ali ndi dzina, ndipo akakhala wamkulu ndi bambo kapena mayi.

Thupi lanu nalonso lidzalipira. Msana wanga unapita ndili ndi zaka 40 chifukwa ndinkanyamula anthu choweramira, mwachangu, ndekha, pofuna kuoneka wolimbikira. Pindani mawondo, msana ukhale chilili, munthuyo mumuyandikize pachifuwa, mabuleki a njinga mutamanga, ndipo akakhala wolemera itanani mnzanu. Mudzapukuta anthu akuluakulu, mudzachapa zofunda za mikodzo, mudzamva fungo limene silichoka m'mphuno mpaka madzulo. Munthu wofa miyendo amafunika kumutembenuza maola awiri aliwonse, usiku womwe. Chilonda cha pabedi pa khungu lathu lakudali sichioneka msanga, ndiye muzikhudza ndi dzanja pa matako, m'chiuno ndi ku zidendene. Mukapeza malo otentha, olimba, oderapo kuposa pena, pamenepo chayamba kale, ndipo chikaboola chimafika pafupa. Ndaika m'manda anyamata amene ngozi inawasiya amoyo, chilonda n'kuwamaliza.

Kumudzi mudzakumana ndi zikhulupiriro, ndipo musapite ndi mwano. Mwana wakhunyu akagwa pafupi ndi moto anthu amathawa, ati akamukhudza awapatsira, n'chifukwa chake ambiri ali ndi zipsera m'manja ndi kumaso. Khunyu sapatsirana. Inu mudzagwade pamaso pa onse, muchotse mbaula, mumuike chitenje kumutu, musamuike supuni kapena chala m'kamwa, kugwedezeka kukatha mumugoneke cham'mbali, ndipo kukapitirira mphindi 5 muthamange naye kuchipatala. Anthu akakuonani mwachita zimenezi kawiri katatu, malovu ake akukhudzani ndipo simunagwe, amayamba kusendera okha. Msonkhano wa pansi pa mtengo sungachite zimenezo.

Mayi wa mwana mumulemekeze ngati mphunzitsi wanu wamkulu. Kawirikawiri mudzamupeza yekha, bambo anachoka mwana atangolephera kukhala pansi, apongozi akuti kwawo kulibe zotere, ena akunong'ona kuti anakhwimira mwanayo. Inu mumabwera kamodzi pamwezi, iye ali naye usana ndi usiku, kumunda amapita naye kumsana ngakhale wafika zaka 10. Mukamusiyira mafizo khumi oti azichita katatu patsiku, adzakuyankhani kuti "chabwino" ndipo sadzachita, chifukwa madzi ali kudikira kumjigo. Muonetseni chimodzi kapena ziwiri zolowa m'ntchito zake, monga kaberekedwe kotambasula miyendo ya mwana, kapena kumukhazika pampando uja pamene iye akusinja. Za m'nyumba mwawo zithere momwemo. Mafoni anuwa musamajambule nawo ana a eni n'kuwaika pa Facebook kuti anthu akuyamikeni. Koma mukaona zizindikiro zoti mtsikana wosalankhula akugwiriridwa, chimenecho si chinsinsi chosunga. Pitani nacho ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu kapena kupolisi, ngakhale wochitayo akhale malume ake.

Za ndalama sindikunamizani. Simudzalemera. Ntchito za boma zimatuluka mwa apo ndi apo, za mabungwe zimatha pulojekiti ikatha, ndipo zaka zina mudzayenda pa njinga yakapalasa ndi alawansi yosakwana sopo. N'chifukwa chake ndikulimbikira za luso lachiwiri, la manja, loti likudyetseni pamene mukudikira.

Nanga ndinakhaliranji zaka zonsezi? Kunali mtsikana wina wa zaka 9 amene chibadwire ankadyetsedwa. Tinakulunga chogwirira cha supuni ndi mphira ya chubu cha njinga kuti chinenepe, mbale n'kuikhazika pa kansalu konyowa kuti isaterereke. Miyezi inayi supuni inkathera patsaya, pamphumi, pansi, nkhuku zikukondwera. Chovuta kwa ine ndi mayi ake chinali kusamuthandiza. Ndinkachita kukhalira manja anga enieniwa, chifukwa ankanyamuka okha. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku limene supuni inalowa m'kamwa, mtsikanayo anatiyang'ana, phala lili mbwee pachifuwa, n'kukankha dzanja la mayi ake kuti lichoke. Chaka chotsatira sindinkafunikanso pakhomo paja, ndipo ndinkangodutsa kupereka moni.

Choncho musanalembe kalata yofunsira malo kusukulu iliyonse, chitani ichi. M'mudzi mwanu kapena m'dera lanu muli mayi amene ali ndi mwana wotere, mwina mumamudutsa tsiku ndi tsiku. Ngati simukumudziwa, funsani mlangizi wa zaumoyo kapena gulu la makolo la PODCAM. Pitani mukagwade, mupemphe kuti muzimuthandiza kwa sabata yathunthu, kuyambira m'mamawa. Mukachape, mukatunge madzi, mukaone mmene amamusambitsira, ndipo supuni musaigwire mpaka iye atakuuzani kuti gwirani. Likadzafika Lolemba linalo miyendo yanu ikufunabe kubwerera pakhomopo, kagulenitu envelopu, mulembe kalatayo.