Kugulitsa zokolola pa intaneti: poyambira, ndi pokonza zikavuta

Nyengo yokolola ikakwana, venda amabwera yekha pakhomo ndi sikelo yake, ndipo wotchula mtengo ndi iye. Mpunga wa Kilombero umene mlimi wa ku Karonga wagulitsa motchipa atangokolola, ukafika ku Lilongwe kapena ku Blantyre n'kulongedwa m'timapaketi ta makilogalamu awiri kapena asanu, umagulidwa pa mtengo wina ndithu. Phindu lapakatipo silibwerera kwa amene anawerama m'matope. N'chifukwa chake alimi ena ndi makalabu awo ayamba kufunsa ngati sangathe kugulitsa okha kwa anthu a m'tauni kudzera pa foni. N'zotheka, ndipo phunziro lathu la sabata ino likhala pa nkhani imeneyi.

Tineneretu kuti sitolo ya pa intaneti ilibe zozizwitsa. Ili ngati golosale ya pa msika wanu, kungoti wogula sangagwire katundu, sanganunkhize mpunga, ndipo sakukuonani nkhope. Zonse zimene akanadziwa ndi manja ake muyenera kumuuza ndi chithunzi ndi mawu.

Katundu woyenera

Si mbewu iliyonse ingayende ulendo wa usiku wonse pa basi. Tomato, masamba, mkaka ndi nthochi zakupsa zisiyeni ku msika wapafupi. Yambani ndi katundu wouma amene sawonongeka msanga: mpunga, nyemba, mtedza, soya, nandolo, uchi, tsabola wouma. Mtedza muwusamale mwapadera. Ukalongedwa usanaume bwino umachita chuku, ndipo chukucho chimabala poizoni amene saoneka ndi maso koma amawononga chiwindi cha munthu. Khalidwe lothira madzi ku mtedza kuti usendeke mosavuta kapena kuti ulemere pa sikelo likhoza kukuphetsani sitolo mwezi woyamba womwe.

Ngati mukufuna kulonga uchi m'mabotolo kapena ufa m'mapaketi okhala ndi dzina lanu, kafunseni ku bungwe la Malawi Bureau of Standards zofunika kuti katunduyo akhale ndi chidindo chawo. Bungwe lomwelo ndi limene limayesanso masikelo a malonda.

Yambani ndi chaulere

Ambiri akamva za sitolo ya pa intaneti amathamangira kufuna webusaiti, n'kulipira mnyamata wodziwa kompyuta ndalama zimene zikanagula feteleza. Ife tikuti dikirani kaye. Pali pulogalamu ya WhatsApp Business, imene inatuluka m'chaka cha 2018, ndipo kuyambira 2019 ili ndi malo oikapo mndandanda wa katundu otchedwa catalog. Ndi yaulere, mumangolipira bandulo. M'menemo mungaike katundu wosiyanasiyana mpaka 500, aliyense ndi chithunzi, mtengo ndi mawu ofotokoza. Mlimi wa mbewu zitatu kapena zinayi sangadzaze malo amenewa. Kuwonjezera apo tsegulani tsamba la Facebook m'dzina la sitolo yanu, kuti amene sakukudziwani akupezeni, kenaka adzamalize kukambirana pa WhatsApp.

Gulani simu khadi ya malonda okhaokha ndipo muilembetse ndi chiphaso chanu cha unzika. Ngati ndi kalabu, gwirizanani pa msonkhano kuti ilembetsedwa m'dzina la yani, ndipo mlembi alembe zimenezi m'buku. Foni imene ana amaimbira nyimbo, imene bambo amapita nayo ku bawo, si foni ya sitolo. Wogula akalemba uthenga m'mawa n'kuyankhidwa mawa lake, amakhala atagula kale kwina.

Chithunzi, muyezo ndi mtengo

Jambulani katundu panja, pamthunzi, m'mawa. Thirani mpunga m'lichero loyera, mujambule pafupi kuti maso ake aoneke, kenaka mujambulenso thumba lonse. Musatenge zithunzi za eni ake pa intaneti. Wogula akalandira nyemba zosiyana ndi za pachithunzi sabweranso, ndipo amauza anzake onse a ku ofesi.

Za muyezo ndiye pali nkhani. Kumudzi timagwirizana pa ndowa, pa chigoba, pa mbale yosefukira kapena yosasefukira. Munthu wa ku Area 25 kapena ku Chilomoni sadziwa kukula kwa ndowa yanu. Lembani makilogalamu, ndipo uchi mulembe magalamu kapena mamililita. Lembaninso mtundu wa mbewu: ngati mtedza ndi CG7 nenani kuti CG7, ngati ndi Chalimbana nenani choncho, ngati mpunga ndi Faya musautche Kilombero, pakuti ophika amazindikira ndi fungo poto asanaphulidwe.

Mtengo ulembeni poyera. Chizolowezi chonena kuti mtengo tikambirana kumbali chimathawitsa anthu, chifukwa amaganiza kuti mukufuna kuyamba mwaona nsapato zawo. Pambali pa mtengo ikani tsiku limene mwaulemba. Mukukumbukira kuti mu November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amene anasiya mitengo yakale pa tsamba anakangana ndi ogula kapena kugulitsa moluza. Powerengera mtengo phatikizani thumba, ulusi, njinga yokafikitsa ku siteji, bandulo, ndi ndalama imene imadulidwa potulutsa ndalama kwa ajenti. Tindalama timeneti timaoneka tating'ono, koma tikaunjikana timadya phindu lonse. Mtengo wa basi muulembe paokha, ndipo munene amene alipire.

Ndalama yalowadi?

Apa ndi pamene ambiri alirira. Malipiro ambiri adzabwera pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba. Akathyali nawo amadziwa zimenezi. Wina amaitanitsa matumba atatu, n'kukutumizirani chithunzi cha uthenga woonetsa kuti walipira, kenaka n'kuyamba kuimba mobwerezabwereza kuti basi ikunyamuka, fulumirani. Chithunzicho n'chopanga. Wina amatumiza uthenga wofanana ndi wa kampani ya foni, kenaka amaimba modandaula kuti walakwitsa nambala, mumubwezere. Mukabweza, mwapereka ndalama zanu zomwe.

Lamulo ndi limodzi: musakhulupirire uthenga kapena chithunzi, onani nokha ndalama zimene zili mu akaunti. Pa Airtel Money imbani *211#, pa Mpamba *444#, mufunse ndalama zotsala. Ngati sizinakwere, thumba lisachoke pakhomo, ngakhale woimbayo alankhule Chingerezi chotani. Amene walakwitsadi nambala apite ku kampani ya foni, ndi imene ili ndi njira yobwezera.

Nambala yanu yachinsinsi musauze munthu, ngakhale wonena kuti akuimba kuchokera ku likulu la kampani. Chimodzimodzi manambala asanu ndi imodzi amene WhatsApp imatumiza pa foni yanu: wina akakupemphani kuti mumuwerengere, akufuna kulanda akaunti yanu kuti azipempha ndalama kwa makasitomala anu m'dzina lanu. Tsekani khomo limeneli lero lomwe. Pitani pa Settings, kenaka Account, musankhe Two-step verification, muike nambala ina yachinsinsi yodziwa inu nokha.

Koma tisaiwale kuti wogulayo nayenso ali ndi mantha omwewo. Akutumiza ndalama kwa munthu amene sanamuonepo. Kwa kasitomala watsopano yambani ndi katundu wochepa. Mukakweza thumba, lijambuleni litalembedwa dzina lake, mumutumizire risiti, nambala ya galimoto ndi nthawi yofikira. Ndi bwino kugwiritsa ntchito mabasi kapena makampani onyamula katundu amene amapereka risiti kusiyana ndi kupatsira kondakitala m'manja. Makalabu anzeru amasankha tsiku limodzi pa sabata lotumizira katundu yense, ndipo amalengeza tsikulo pa tsamba lawo.

Mukafika pofuna webusaiti

Malonda akakula, mwina mahotela kapena masitolo akuluakulu ayamba kufunsa adiresi yanu ya pa intaneti, apo ndiye nthawi yakwana. Webusaiti ili ndi zinthu ziwiri zolipira. Choyamba ndi dzina lake, limene amati domain, monga maina othera ndi .mw kapena .com. Chachiwiri ndi malo osungirapo zithunzi ndi mawu anu pa kompyuta ya kampani ina, amene amati hosting. Zonse ziwiri n'zalendi, ngati munda wobwereka: dzina limalipiridwa chaka ndi chaka, malo mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka. Masitolo ang'onoang'ono ambiri amamangidwa ndi pulogalamu ya WordPress pamodzi ndi WooCommerce, zimene pazokha n'zaulere.

Pano mvetserani bwino. Wokumangirani webusaiti asalembetse dzinalo pa imelo yake. Zimachitika kawirikawiri kuti mphwanu kapena mwana wa neba wamanga zonse bwinobwino, kenaka wapeza ntchito ku Johannesburg, nambala wasintha, ndipo makiyi onse apita naye. Chaka chikatha dzina limafa, uthenga wokumbutsa ukupita ku imelo imene palibe akuitsegula, ndipo pakapita nthawi munthu wina aliyense angathe kuligula. Zikwangwani ndi mapepala a pa mabotolo amene munasindikiza zimasanduka zinyalala. Tsegulani imelo ya sitolo, zonse zilembetsedwe pa imeneyo. Musanamalize kulipira mmisiriyo, akupatseni mapasiwedi atatu: a domain, a hosting, ndi olowera m'kati mwa sitolo. Muwayese iye ali pomwepo, muwalembe m'buku losungidwa pamalo okhoma, pamodzi ndi masiku olipira.

Zikavuta

Kasitomala akakuimbirani kuti tsamba silikutseguka, musathamangire kuitana mmisiri, chifukwa kubwera kokha adzakulipiritsani. Yambani mwafunsa ngati vuto lili pa tsamba kapena pa foni. Tsegulani tsamba lina lililonse. Ngati nalonso likukana, ndiye kuti bandulo yatha kapena netiweki yagwa. Yesani pa foni ya mnzanu, makamaka ya kampani ina: ngati muli pa TNM yesani pa Airtel. Likatseguka kumeneko, sitolo yanu ili bwino.

Likakana paliponse, tsegulani buku lija muone masiku olipira. Nthawi zambiri nkhani imathera pamenepo. Dzina likangotha kumene, makampani ambiri amapereka masiku angapo oti mulipire pa mtengo wa nthawi zonse. Mukachedwa pamabwera chindapusa chachikulu.

Tsamba likamatseguka mwaulesi, wolakwa kawirikawiri ndi zithunzi. Chithunzi chochokera mu kamera ya foni chimatha kulemera 4 MB. Mukaika khumi pa tsamba limodzi, ndi 40 MB, ndipo wogula adzatseka bandulo yake isanathe. Chepetsani chilichonse chifike pa 200 KB kapena kucheperapo. Njira yachidule ndi iyi: tumizani chithunzicho pa WhatsApp kwa mnzanu monga mwa nthawi zonse, iye akubwezereni, WhatsApp imachipeputsa yokha, ndipo chopepukacho ndi chimene muike pa tsamba.

Mukaona nambala 404, tsamba lonse silinafe ayi. Zikutanthauza kuti adiresi imene yalembedwa kulibe: mwina chilembo chimodzi chalakwika, mwina munachotsa katunduyo kapena kusintha dzina lake pamene adiresi yakale ikuyendabe m'magulu a WhatsApp. Tumizani adiresi yatsopano, ndipo katundu akatha musamufufute, ingolembani kuti watha mpaka nyengo ina.

Nthawi zina foni imachenjeza kuti tsamba si lotetezeka, ndipo ogula amachita mantha. Yambani mwaona tsiku ndi nthawi pa foniyo. Foni ikazima nthawi yaitali chifukwa cha batire imatha kusokoneza tsiku, ndipo ikatero imakayikira masamba abwinobwino. Ngati tsiku lili bwino, ndiye kuti satifiketi ya chitetezo, yotchedwa SSL, yatha. Zambiri zaulere zimakhala miyezi itatu kapena kucheperapo ndipo zimayenera kudzikonzanso zokha. Zikalephera, lemberani kampani ya hosting, ndi ntchito yawo.

Mwasintha mtengo koma pa foni ukuonekabe wakale? Foni imasunga kope la tsamba kuti isawononge bandulo. Kokerani tsambalo pansi ndi chala kuti litsegukenso, kapena fufutani zosungidwazo, zimene amati cache.

Vuto lokhalo limene tinganene kuti n'lofuna mmisiri ndi pamene tsamba langoyera mbee, kapena likulemba nambala 500. Kawirikawiri izi zimadza mutangoika kapena kukonzanso kapulogalamu kowonjezera, kamene amati plugin. Kumbukirani chimene munagwira komaliza ndipo mumuuze mmisiri mosabisa, pakuti akadziwa amangozimitsa kameneko ndipo tsamba limadzuka. Musanadine chilichonse chonena kuti Update, onetsetsani kuti pali kope la sitolo yonse losungidwa padera, lotchedwa backup, ndipo musachite zimenezi madzulo a tsiku lotumiza katundu. Pamene tsamba likukonzedwa, lengezani pa WhatsApp ndi pa Facebook kuti maoda akulandiridwabe pa nambala ya sitolo, ndipo muziwalemba m'buku monga kale: dzina, makilogalamu, ndalama zolipiridwa ndi tsiku lokweza basi.