Mmene Mungapezere Ndalama ndi Zithunzi za ku Zomba pa Intaneti

Makampani monga Shutterstock, Adobe Stock ndi Alamy amasunga zithunzi zankhaninkhani zimene nyuzipepala, mabungwe ndi otsatsa malonda amalipira kuti azigwiritse ntchito, wojambula n'kulandirako gawo lake. Gawolo lakhala likuchepa. Mu 2020 Shutterstock idasintha malipiro moti chithunzi chimodzi chikhoza kukupatsani masenti 10 okha a dola. Kuyambira 2022 mapulogalamu a AI akutulutsa m'kanthawi kochepa zithunzi za maluwa kapena za dzuwa likulowa. Chimene chatsala ndi mtengo ndi chithunzi cha malo enieni ndi anthu enieni, ndipo wojambula wa ku Zomba ali nazo pakhomo.

1. Jambulani zimene wakutali sangazipeze

Paphiri la Zomba pali damu la Mulunguzi, mathithi a Williams, dzenje la Chingwe ndi Emperor's View pomwe adaimapo Haile Selassie mu 1965. Mutauni muli chipilala cha asilikali a KAR ndi nyumba zakale za boma, poti Zomba idali likulu la dziko mpaka 1975. Koma malo okongola okha sakwanira. Mabungwe amafuna zithunzi za moyo wa tsiku ndi tsiku: amayi akutsika phiri ndi mitolo ya nkhuni, anyamata ogulitsa sitiroberi m'njira ya ku Ku Chawe, akabaza pa Chinamwali, asodzi akuyanika matemba ku Kachulu, alimi a mpunga ku Domasi. Nyanja ya Chilwa ikaphwa kapena kusefukira, olemba nkhani za kusintha kwa nyengo amasakasaka zithunzi zake.

2. Tsatirani nyengo

Mvula ikangotha, mu Epulo ndi Meyi, kumwamba kumayera ndipo phiri la Mulanje limaoneka bwino muli pamwamba pa phiri la Zomba. Mu Juni ndi Julayi chiperoni chimabweretsa nkhungu m'mitengo ya paini. Mu Seputembala ndi Okutobala utsi wa moto wolusa umaphimba chigwa, choncho miyezi imeneyo jambulani anthu ndi ntchito zawo chapafupi.

3. Pemphani chilolezo cholembedwa

Chithunzi choonetsa nkhope ya munthu sichigulitsidwa kwa otsatsa malonda popanda fomu yosayinidwa ndi mwini nkhopeyo. Ngati ndi mwana, asayine kholo. Afotokozereni bwinobwino kuti chithunzicho chingaoneke kulikonse padziko, ndipo mugwirizane za kangachepe. Popanda fomu, chitumizeni m'gulu la zithunzi za nkhani lotchedwa editorial. Musaloze kamera ku Cobbe Barracks, ku State House kapena kundende.

4. Lembani mawu ochifotokoza molondola

Wogula amapeza chithunzi polemba mawu, nthawi zambiri a Chingerezi. Tchulani malo, boma, dziko, chaka ndi chimene chikuchitika. Chithunzi cholembedwa kuti "Africa" basi chimasochera pakati pa zinzake. Shutterstock salandira chithunzi chosakwana mamegapikiselo 4, ndipo foni zambiri za masiku ano zimaposa pamenepo.

5. Konzani njira yolandirira ndalama

Musanatumize kanthu, onetsetsani kuti kampaniyo imalipira kudzera njira yotheka kuno, monga Payoneer. Yerekezaninso magawo: Adobe Stock imapereka 33 pa 100 aliwonse pa zithunzi, pomwe Shutterstock imayambira pa 15. Makanema aafupi amagulidwa pa mtengo wokwera kuposa zithunzi, choncho mukajambula mathithi tenganiko ndi kakanema ka masekondi 15.

6. Gulitsaninso kuno kumudzi

Ndalama za pa intaneti zimabwera mwa apo ndi apo. Pitani nokha kwa eni malo ogona alendo, mabungwe a zachilengedwe ndi osindikiza makalendala, muwaonetse zithunzi zanu 20 zabwino koposa. Powagulitsa, lembani pa pepala kuti chithunzicho achigwiritsa ntchito pati komanso kwa nthawi yaitali bwanji, umwini ukhalebe wanu. Lamulo la umwini wa zaluso la 2016 limakutetezani, ndipo a COSOMA angakulangizeni wina akakuberani.

Musasiye kujambula maukwati, zinkhoswe ndi miyambo yolandira madigiri ku Yunivesite ya Malawi poyembekezera madola. Ntchito zimenezo ndi zimene zigule ufa ndi bandulo, pamene nkhokwe yanu ya pa intaneti ikukula mwezi ndi mwezi.