Za Duku la Akazi m'Tchalitchi

Abale athu a ku minda ya tiyi ku Thyolo atifunsa kuti: kodi mkazi wolowa m'tchalitchi wopanda duku wachimwa? Tiyankhe mosamala, pakuti tamva kuti ena abwezedwa pakhomo tsiku la Mulungu, nataya Misa chifukwa cha kansalu.

Mwambo umenewu ngwakalekale. Paulo Woyera, m'kalata yake yoyamba ya kwa Akorinto, mutu 11, analangiza akazi kuti afunde kumutu popemphera. Buku la malamulo a Eklezia la chaka cha 1917, pa lamulo 1262, linanenanso chomwecho, ndi kuti amuna avule zipewa. Ndizo zimene abambo a Montfort anaphunzitsa agogo athu m'dziko muno. Koma buku latsopano la 1983 silitchulanso za kufunda kumutu. Lamulo lija linatha.

Chotero wovala duku achita bwino, monga amayi athu achitira ulemu pamaso pa akulu, ndipo sitimletsa. Koma mayi wothyola tiyi masiku asanu ndi limodzi, dengu kumsana, mvula ya Januwale ikumbvumbwa, duku lake limodzi lokhalo likali lonyowa pachingwe, alowe, agwade, alandire Ukaristia. Akulu a mpingo asamuimitse pakhomo.