Bwato pa pikiapu: yankho kwa womvera wa ku Furancungo

Zikomo bambo athu a ku Furancungo, m'boma la Macanga, potilembera. Mukuti mwagula bwato losema ndipo mukufuna kulitengera kumtsinje wa Revúbuè mvula isanayambe, koma ndi lalitali kuposa kumbuyo kwa pikiapu yanu.

Chonde musaligoneke padenga. Denga silinapangidwire katundu wotere, lidzapindika. Pitani kwa wowotcherera zitsulo akupangireni mafelemu awiri, ina kuseri kwa kebini, ina kumapeto kwenikweni, ndipo amange ndi mabawuti, osati waya. Pomwe bwato likhudza chitsulo kulungani zidutswa za matayala akale, chifukwa mtengo ukamagunda pachitsulo m'mabampu umang'aluka, ndipo mng'alu wotere mudzauzindikira muli pakati pamadzi.

Livundikireni chafufumimba. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye mvula ikakupezani panjira bwato lili chagada, mwasenza katundu wina amene simunamuwerengere. Pikiapu ngati Hilux imanyamula pafupifupi tani imodzi basi, kuphatikizapo anthu. Ngati mtengowo ndi wauwisi, udikireni uume kaye.

Mangani ndi zingwe zolimba pakati, kutsogolo ndi kumbuyo. Malamba amphira amatamuka, asiyeni. Kumchira kolendewerako pachikani nsalu yofiira kuti akumbuyo aone.

Inunso omvera a ku Tsangano onyamula katundu wotere, misewu yanu ya zitunda ndi matsitso mukuidziwa. Tsikani ndi giya yotsika, ndipo mukayenda pang'ono imani, mukungenso zingwe.

Tilembereninso bwatolo likafika, bambo.