Funso la Wophunzira Lomwe Linapulumutsa Nyumba

Werengani: Miyambo 28:13

Mu mzinda wa New York muli nyumba ya maofesi yodziwika ndi denga lake lopendekera. Inatha kumangidwa mu 1977 ndipo inkatchedwa Citicorp Center. Ili ndi nsanjika 59, kutalika kwake mamita 279. Pa ngodya ina ya malowo panayenera kukhala tchalitchi cha St. Peter's, choncho injiniya William LeMessurier anaimika nyumbayo pa nsanamira zinayi zikuluzikulu, osati m'ngodya, koma pakati pa mbali iliyonse.

Mu 1978 wophunzira wina wa pakoleji anafunsa ngati nsanamirazo zinali pamalo oyenera. Funsolo linachititsa LeMessurier kuwerengetsanso. Anapeza kuti mphepo yowomba pa ngodya, yomenya mbali ziwiri nthawi imodzi, imapanikiza zitsulo kwambiri. Anali atamvanso kuti zitsulo zomwe zinayenera kuwotchereredwa zinangomangidwa ndi mabawuti pofuna kuchepetsa ndalama. Pamwamba pa nyumbayo pali chikonkire cholemera matani 400 chochepetsa kugwedezeka, koma chimadalira magetsi. Malinga ndi kuwerengetsa kwake, magetsi atazima, mphepo yamkuntho yobwera kamodzi pa zaka 16 ikanatha kuigwetsa.

Palibe wina ankadziwa. Kuulula kukanatha kumuwonongera mbiri ndi ntchito, koma kukhala chete kunali kuika pachiswe miyoyo ya anthu zikwizikwi. Iye anapita kwa eni nyumba n'kunena zonse. Kwa milungu yambiri amisiri ankawotcherera zitsulo zolimbitsira usiku, maofesi atatsekedwa. Nkhaniyi inadziwika poyera mu 1995, magazini ya The New Yorker itailemba, ndipo nyumbayo ilipobe.

Tikuphunzirapo chiyani?

Choyamba, chogwetsa nyumba chimakhala m'kati. Kunja inkanyezimira, koma mfundo zake zinali zofooka. Tikhoza kusunga Sabata, kuimba m'kwaya ndi kukhoza mayeso, pomwe pobisika tamanga ndi mabawuti: ntchito yokopera kwa mnzathu, bodza kwa makolo pa ndalama za fizi.

Chachiwiri, chidzudzulo sichisankha msinkhu. Katswiri anamvera wophunzira. Ife amene mawa tidzaima kutsogolo kwa kalasi tisadzanyoze mwana wokweza dzanja n'kunena kuti samu ya pabolodi yalakwika. Davide anali mfumu, koma anamvera Natani.

Chachitatu, kuvomereza pakokha sikukwanira. Lemba lathu limaika pamodzi kuulula ndi kusiya tchimo, ndipo chifundo chimalonjezedwa kwa wochita zonse ziwiri. LeMessurier anafika kwa eni nyumba ndi vuto pamodzi ndi njira yolikonzera. Zakeyu naye analonjeza kubweza kanayi.

Abale ndi alongo, tikonze mphepo isanafike.

Mafunso okambirana
1. N'chifukwa chiyani cholakwa chomwe wina sanachione chimavuta kuulula?
2. Timatani munthu wocheperapo akatidzudzula?
3. Ndani amene angapwetekeke tikakhala chete?