DISO LA LOUIS BRAILLE

M'mudzi wa Coupvray, m'dziko la France, munali munthu wosoka zikopa zomangira akavalo. Mwana wace, Louis Braille, anabadwa m'caka ca 1809. Tsiku lina, ali ndi zaka zitatu, anatenga citsulo ca atate wace coboolera zikopa. Citsuloco cinaterereka nicimlasa m'diso. Balalo linatukusira, ndipo pambuyo pace diso linalo linadwalanso. Pofika zaka zisanu mwanayo anali wakhungu. Atakula anapanga malembo a timadontho totukuka, amene akhungu awerenga ndi zala kufikira lero lino.

Kodi cimaononga diso lolasidwa nciani? Munga, waya kapena kacitsulo zimalowa pamodzi ndi tizirombo tosaoneka, tochedwa mabakiteriya. M'kati mwa diso ndi mofunda ndiponso monyowa, cotero tizirombo timaswana msanga. Mafinya angathe kudzaza diso pa tsiku limodzi kapena awiri.

Masiku a Braille kunalibe mankhwala opha tizirombo timeneti. Koma m'caka ca 1928 Alexander Fleming, ku London, anaona kuti cuku ca mtundu wina cinali kupha mabakiteriya. M'cuku cimeneci ndimo munacokera penisilini. Lero mankhwala otere alipo ambiri, ndipo achedwa maantibayotiki.

Tsono mwana akalasidwa m'diso, anzace acitenji? Asamlole kutikita diso. Asazule cimene calowamo. Asadonthezeremo madzi a zitsamba, mkaka kapena mankhwala otsala m'nyumba, pakuti zimenezi zionjezera tizirombo. Abvundikire diso ndi kakapu koyera kosalikhudza, namange bwino. Pomwepo apite naye kucipatala tsiku lomwelo.

Kumeneko dotolo amasoka bala, napatsa wodwala maantibayotiki a jekeseni kapena akumwa, kuti tizirombo tife tisanaswane. Wodwalayo ayenera kutsiriza mankhwala onse, ngakhale ululu utaleka. Mankhwala amphamvu sathandiza diso limene lafa kale. Cifukwa cace ulendo wa kucipatala suyembekeza mawa.

MAFUNSO
1. Kodi Louis Braille anabvulala bwanji?
2. Nciani cimacititsa mafinya m'diso lolasidwa?
3. Kodi Alexander Fleming anaona ciani m'caka ca 1928?
4. Chulani zinthu zitatu zosayenera kucita pa diso lolasidwa.